Chilonda cha Kalipentala

Mayi wokalambayo anamupeza ali chagada, bulangeti litafika pachifuwa, manja atawongoledwa m'mbali ngati munthu wogonekedwa ndi wina. Chipinda chake chinali cha kumapeto, cha zenera limodzi, ndipo munkamveka fungo la sopo ndi mkodzo. Pansi pa bedi panali beseni, madzi ake atazizira kale.

Insipekita anafika Lachiwiri dzuwa lisanafike pamutu. Anali bambo wa imvi za m'mbali, woyenda pang'onopang'ono ngati akuopa kuponda mbewu. Sajeni, mayi wamtali amene ankagwira naye ntchito, anali atatulutsa kale anthu m'chipindamo.

"Akanati ndi ukalamba tikanavomera, bwana," anatero Sajeni. "Sitiroko inawagwetsa kalekale, mbali ya kumanja inali yakufa. Koma mwana wawo wamkazi wakana kuti mtembo usunthidwe. Taonani m'kamwamo."

Insipekita anavala magolovesi, anawerama, natsegula milomo ya malemuyo mofatsa. Mkati mwake munali mikwingwirima yakuda. Dzino limodzi la m'munsi linali litapendekeka, magazi atauma m'nkhama. M'maso munali timadontho tofiira, tating'ono ngati nsonga za singano.

"Wina anawatseka pakamwa ndi mphuno," anatero. "M'nyumba muno amakhalamo ndani?"

"Mwana wawo wamwamuna, kalipentala, ndi mkazi wake. Mkaziyo ndiye amawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza. Wamkaziyo ali ndi saluni, amakhala kwa mwamuna wake."

Panja, wa saluniyo anali akukuwa, azimayi awiri atamugwira m'manja.

"Ndi uyu! Mufunanso ndani? Mzere wonse uno unamumva dzulo! Amayi anga wawapha ngati nkhuku!"

Amene ankalozedwayo anali atakhala pa sitepe ya khonde, miyendo atatambasula. Anali woyembekezera, mimba itangoyamba kuonekera bwino. M'mikono yake munali zipsera za zikhadabo, zina zakale, zina zaposachedwa. Insipekita anakhala pansi pambali pake, chipewa n'kuika pabondo.

"Pepani mayi. Tandiuzani za m'mawa uno."

"Ndinawasambitsa, ndinawapatsa tiyi. Ndiye ndinapita kumpopi kuseriku kukachapa nsalu zawo. Mzere unali wautali. Pobwera ndinapeza ali zii. Ndinayesa agona."

"Zipserazi?"

"Ndi iwowo. Dzanja lamanzere linali lamphamvu. Ukamawatembenuza amagwira pamene apeza."

"Dzulo munawakalipira?"

"Ndinawakalipira."

"Munati chiyani?"

Mayiyo anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Ndinati, amayi, mundipha ndinu, apo ayi ndikuphani ndine." Anasisita zipsera za m'mikono. "Munthu ukatopa pakamwa pamathamanga, bwana."

Kalipentala anali ataima pansi pa mtengo, utuchi udakali m'tsitsi. Anati anachoka m'bandakucha kupita ku shedi yake, ndipo anamva uthengawo pafoni. Dzanja lake lamanja linali lokulungidwa ndi kansalu.

"Mwatani pamenepo, achimwene?"

"Tchizulo, bwana. Ndimasema chitseko, chinaterereka."

"Mkazi wanu angachite zimenezi?"

"Iyayi. Ameneyu ngakhale khoswe amaitana ine."

Koma mkulu wa polisi ya m'deralo sanafune zambiri. Panali mawu amene anthu anamva, panali zipsera, ndipo panalibe wina amene anaoneka akulowa m'nyumbamo. Madzulo a tsiku lomwelo mkazi wa kalipentala anatsekeredwa. Khoti linalamula kuti akadikire mlandu kundende yaikulu, ndipo lole yonyamula akaidi inkayembekezeka Lolemba. Ndendeyo inali kutali, msewu wake wa maenje okhaokha.

Sajeni ndiye anabweretsa nkhani imene inamusowetsa mtendere Insipekita.

"Mayi uja wapita padera kangapo, bwana. Iyi ndi mimba yoyamba kufika pamenepa. Anamwino anamuletsa kunyamula zolemera, ngakhale ndowa. Panopa akugona pa simenti, akudandaula msana. Akakwera lole ija, mwanayo atsikira m'njira."

"Tili ndi mpaka Lolemba," anatero Insipekita.

Dokotala woyeza mitembo anatsimikiza kuti malemuyo anabanikitsidwa, ndipo anati anawabanikitsa ndi dzanja, osati pilo. Za magazi a m'kamwa anati zotsatira zake zidzabwera miyezi itapita. Woyandikana nawo nyumba wina anati anaona mwamuna wa chikwama akulowa pageti m'mawa umenewo. Anamusaka tsiku lathunthu. Anapezeka kuti anali wokonza mipopi amene anasokera nyumba, ndipo nthawi imene mayi wokalambayo ankafa iye anali m'ngalande ya nyumba ina, eni ake atamuimirira pamutu kumukalipira.

Wowotcherera zitsulo, amene shedi yake inali yogundana ndi ya kalipentala, anayankha mafunso magalasi akuda ali pachipumi.

"Analipo, bwana. M'mawa ndinamuona, masana ndinamuona."

"Nanga pakati pake?"

"Aa, bwana, ine ndikavala awa ngakhale mkazi wanga atadutsa ndi mwamuna wina sindingaone. Ndikanamagona nawo, bwenzi ndili ndi mtendere wochuluka."

Insipekita anamwetulira pang'ono, nathokoza.

Loweruka m'mawa Sajeni anamudikirira pakhomo la ofesi.

"Mayi uja wayamba kuona timagazi, bwana. Ndauza akuluakulu, akuti akaidi onse amadwala lole ikayandikira. Ndipo mwamuna wake sanabwereko chiikireni maliro. Chakudya ndikumupatsa ndine."

Shedi ya kalipentala anaipeza yotseka. Wowotcherera anati mnzakeyo anagwa pamanda Lachinayi, thupi likutentha, ndipo anamutengera kuchipatala dzanja litatupa ngati dzungu.

Dokotala wa m'wodi ya amuna anali wotopa, maso ofiira. Anakana kulankhula za wodwala mpaka Insipekita atamuonetsa chilolezo cha khoti. Atachiwerenga, anapumira m'mwamba.

"Munthu ameneyu akundizunguza mutu. Akuti anadzicheka ndi tchizulo. Ndinatsegula chilondacho Lachinayi, ndinachotsa mafinya, ndinamupatsa mankhwala amene timapereka pa zilonda za zitsulo. Sakugwira n'komwe. Chala chaching'ono chayamba kuda. Posachedwapa amayi a ku labu yoyezera matenda andiimbira kuti nditsikeko. Tiyeni limodzi."

Labu inali kumapeto kwa khonde lalitali, chipinda chozizira cha matebulo oyera. Mkulu wake anali mayi wachikulire wa magalasi omangirira chingwe. Anawapatsa makoti oyera ndi zotseka pakamwa, nauza Insipekita kuti manja awaike kumbuyo.

"Kuno sitigwiragwira, bambo wapolisi. Akaidi anga ndi oopsa kuposa anu."

Patebulo panali timbale togalasa tokhala ndi zivundikiro. M'kati mwake munali chinthu chofiira, chouma ngati phala lozizira.

"Uwu ndi munda wathu," anatero mayiyo. "Chakudya cha mabakiteriya, chosakaniza ndi magazi a nkhosa. Timabzalapo mafinya a wodwala, timaika m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, ndiye timadikira zimere. Mabakiteriya ali ngati ziweto. Amene sanawetepo amangoti zonsezi ndi nyama. Woweta amadziwa mbuzi ndi fungo lokha."

Anakweza kambale koyamba. Pamwamba pake panali timadontho tonenepa, tachikasu ngati batala.

"Aka n'ka wodwala wina amene anapondadi msomali. Awa amakhala pakhungu pathu. Ukadzicheka ndi chitsulo, ndi amene amayamba kulowa. Amamera usiku umodzi wokha. Taonani pa maikulosikopu."

Insipekita anaika diso. Anaona timipira tapepo, tounjikana m'magulumagulu ngati mazira a chule.

"Mtunduwo ndi wawo?"

"Ndi wathu. Timapaka utoto wapepo, timatsuka, timapakanso wofiira. Ena khungu lawo ndi lochindikala, amagwira wapepowo osautaya. Ena amautaya n'kutenga wofiira. Pamenepo tawagawa kale pawiri. Kenako timaona maonekedwe: ndi timipira kodi, kapena timitengo? Tili m'magulu, kapena tandandana ngati mikanda pa ulusi? Mankhwala amene adokotalawa anapereka ndi a timipira timeneti. Sanalakwe. Anauzidwa za tchizulo."

Anatenga kambale kachiwiri.

"Aka n'ka kalipentala wanu. Tsiku loyamba munamera timadontho tating'ono tosandutsa munda kukhala wobiriwira m'mbali mwake. Timipira ta mikanda pa ulusi. Ndinati chabwino, amenewa amakonda m'kamwa ndi pakhosi, koma amayendayenda. Sindinafulumire. Ndinabweza kambaleka m'kabati. Lero m'mawa ndapeza alendo ena amene anachedwa kudzuka."

Anapendeketsa kambaleko kuti kuwala kwa pazenera kugwere cham'mbali. Pakati pa timadontho tobiriwirato panali tina totuwa, tosaoneka bwino, ndipo kalikonse kanali katamira m'kadzenje kakekake, ngati pamene madontho a mvula agwera pa mchenga.

"Ena onse amamera pamwamba. Awa amakumba. Imani pomwepo, musaweramire." Anatsegula chivundikiro pang'ono, natsekanso msanga. "Mwamva chiyani?"

"Ngati kolorini wotsukira pansi."

"Mphuno yanu ndi yabwino, munasankha ntchito yolakwika. Tsopano diso."

Ulendo uno munali timitengo tofiirira, towonda, towongoka bwino ngati machesi omwazika.

"Ochedwa kumera, okumba maenje, onunkha kolorini, timitengo totaya utoto wapepo. Ndawayesanso ndi mankhwala athu ena, ndipo onse akuloza dzina limodzi: Eikenella. Mankhwala aja sawaopa n'komwe."

"Kwawo n'kuti?"

"M'kamwa mwa munthu, pakati pa dzino ndi nkhama. Kumeneko ndi nzika zabwino, sizivuta. Pa tchizulo sakhalapo."

"Nanga atakhala kuti analumidwa ndi galu?"

"Wa galu ndimamudziwa. Amamera msanga, wosalala, sakumba, ndipo amanunkha ngati m'nkhokwe mwalowa mbewa. Uyu si ameneyo."

Insipekita anayang'ananso kambaleko. "Mayi, munthu akadzicheka amayamwa chilonda. Sangakhale a m'kamwa mwake momwe?"

"Angathe. Ndipo musakandinamizire kukhoti. Ine ndinganene kuti ndi a m'kamwa mwa munthu. M'kamwa mwa ndani, kambaleka sikanena."

Dokotala wa m'wodi uja anali akupukusa mutu. "Mafinyawa sindinawatenge pamwamba. Ndinawatenga pansi, pafupa penipeni. Malovu oyamwira safika kumeneko. Chofika kumeneko ndi dzino." Anatambasula dzanja lake, naloza m'mphepete mwa chikhatho, kumunsi kwa chala chaching'ono. "Ndipo chilondacho chinali mbali zonse ziwiri, mkati ndi kunja. Ndinadabwa kuti tchizulo chinazungulira bwanji."

Kalipentala anamusamutsira m'kachipinda ka m'mbali. Dzanja lake linali litapachikidwa pa chitsulo cha diripi, lokulungidwa mpaka m'chigongono. Nkhope inali itagwa. Dokotala anamuuza kuti mankhwala asinthidwa, kuti dzanja lipulumuka koma chala chaching'ono chidulidwa, kenako anatuluka. Insipekita anakokera mpando pafupi ndi bedi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Pang'ono, bwana."

"Mukamasema, tchizulo mumachigwira ndi dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndiye tchizulo chikaterereka chimapita ku dzanja liti?"

Kalipentala anayang'ana botolo la diripi.

"Ine ndinakulira kumunda," anatero Insipekita. "Sindinaonepo chikwakwa chikudula dzanja limene lachigwira. Koma zimenezo tizisiye. Ndachokera kulabu. Tizilombo ta m'chilonda chanu si ta chitsulo. Ndi ta m'kamwa mwa munthu, ndipo tinabzalidwa pafupa ndi dzino. Amayi anu anamwalira dzino litapendekeka."

"Ndinadzicheka, bwana."

"Munadzichekadi. Munacheka pamwamba pa mano kuti asaoneke. Pakanapanda bodza limenelo, adokotala akanakupatsani mankhwala oyenera tsiku loyamba, chala chikanakhalapo."

Munthuyo anatembenukira kukhoma. Panja ankakankha kangolo ka mankhwala, gudumu limodzi likulira. Insipekita anadikira mpaka phokosolo litatha.

"Sindikukakamizani. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo zimene munganene zikafika kukhoti. Zimene ndili nazo n'zokwanira kukuikani pa mlandu, koma sizikwanira kuti akuluakulu atulutse mkazi wanu lero. Adzati munachitira limodzi. Lolemba akwera lole ya akaidi, kumbuyo, pa zitsulo. M'mawa uno wayamba kuona magazi."

Kalipentala anadzuka mwadzidzidzi mpaka chitsulo cha diripi chinagwedera.

"Magazi?"

"Pang'ono. Panopa."

"Ndinkati sangamusunge, bwana. Munthu wapakati? Ndinkati agona kumeneko kamodzi, amutulutsa. Atamusunga ndinadziuza kuti bola kumeneko sanyamula munthu. Ndinati apumeko."

"Pa simenti."

Munthuyo analira osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedera. Atayamba kulankhula, ankayang'ana dzanja lopachikidwalo.

"Amayi anali olemera. Kuwatembenuza kunkafuna amuna awiri, koma iye ankachita yekha, m'mawa, masana, madzulo. Mimba zonse zija zinachoka ali pa ntchito imeneyo. Ndinapempha mlongo wanga kuti tizisinthana. Anati saluni ndani aiyang'anire. Amabwera Lamlungu ndi nthochi, n'kujambula amayi pafoni, n'kumapita. Ndinapezapo mayi wina woti azithandiza, amayi anamulavulira, sanabwerenso.

"Lolemba lija, atakangana ndi amayi, mkazi wanga anagona akugwira m'chiuno. M'mawa ndili ku shedi mtima sunakhazikike. Ndinabwerera kudzera kuseri. Iye anali kumpopi. Ndinalowa, ndinagwada pambali pa bedi. Ndinati, amayi, kuyambira lero wokusambitsani ndine. Anandiyang'ana ndi diso lawo lija. Pakamwa panali popotoka koma mawu ankamveka. Anati, sindinabale mwana woti azindivula, mkazi wako ali ndi manja. Ndinati, amayi, mimba ichoka. Anati..."

Anatseka maso. Insipekita sanamufulumizitse.

"Anati, ichoke, zinachoka zina. Anati, ameneyu m'mimba mwake ndi dengu lobooka, ukanandimvera ukanakwatira wina. Anabwerezanso. Dengu lobooka. Ndinaika dzanja pakamwa pawo kuti mawuwo aleke, basi. Anandiluma. Mano anagwira fupa. Akamaluma ine ndimakanikiza, ndikamakanikiza iwo amaluma. Sindikudziwa amene anayamba kusiya. Nditachotsa dzanja anali chete."

"Kenako?"

"Ndinawawongola manja. Ndinawafunditsa. Ndinawapukuta pakamwa ndi malaya anga, monga ankandipukutira ndili mwana. Ndinabwerera ku shedi, ndinatenga tchizulo." Anapukuta mphuno ndi dzanja lamanzere. "Lembani, bwana. Ndisayina ndi lamanzereli. Koma mumutulutse lero. Asakwere lole ija."

Insipekita analemba mawu onse, anamuwerengera, ndipo kalipentala anasayina mokhotakhota dokotala akuchitira umboni. Pakhomo la kachipindako anaikapo wapolisi.

Mkulu wa polisi anawerenga chikalatacho kawiri, anang'ung'udza, naimba foni kwa woweruza. Dzuwa litapendeka, Sajeni anatulutsa mayiyo m'chitokosi atamugwira m'chiuno, namukweza kutsogolo kwa galimoto. Insipekita anayendetsa yekha, akuzemba dzenje lililonse.

Ku wodi ya amayi oyembekezera anamugoneka pa bedi la kumapeto. Insipekita anaima kunja kwa katani, chipewa chili m'manja. Anamva namwino akuti, "Pumani bwino, mayi, musaumitse mimba." Kenako kamakina komvetsera mtima wa mwana m'mimba kanayamba kuwaza ngati wailesi yosowa siteshoni. Kanawaza nthawi yaitali. Sajeni anatulutsa mutu pakatani, nayang'ana Insipekita, nabwereranso.

Ndiye kunamveka kugunda, kofulumira ngati mapazi a mwanapiye.

"Alipo," anatero namwino. "Wakwiya, koma alipo."

Atamufunditsa anamulola Insipekita kulowa. Iye anauza mayiyo zonse mosabisa, ndi mawu ochepa. Mayiyo anamvetsera akuyang'ana kudenga. Sanadzidzimuke.

"Munkadziwa, mayi?"

"Ndili pamzere kumpopi ndinaona njinga yake itatsamira mpanda wa kuseri. Ndinati wabwera kudzatenga chimene waiwala."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani, bwana? Ndi bambo wa uyu." Anaika dzanja pamimba. "Dzanja lake lili bwanji?"

"Chala chimodzi chidulidwa. Lotsalalo lichira."

"Ali m'chipatala momwe muno?"

"Khonde lachiwiri. Mukufuna kumuona?"

Mayiyo anaganiza, kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Lero ayi."

Namwino anabwera ndi mapiritsi ndi kapu ya madzi. Anali mayi wonenepa wa mawu okuluwika, wozolowera kulangiza.

"Mugona kuno mpaka magazi asiye. Mukatuluka, mverani bwino: osachapa, osasesa mowerama, osanyamula kanthu, ngakhale ndowa ya theka. Mwanayu akungogwira ndi zala. Kunyumba kuli ndani wokutungirani madzi?"

Mayiyo anameza mapiritsi, nabweza kapu. Anayang'ana Sajeni, anayang'ana Insipekita, ngati mmodzi wa iwo angamukumbutse dzina limene waiwala.

"Kulibe," anatero. Anasisita pamimba. "Koma kulibenso woti ndimunyamule."